Mzere wa Maziro

Lolemba, 13 Okutobala

Galimoto yofiira ya a Butchala yabwerera pa chingwe. Yafa dzulo kumpikisano, itangozungulira bwalo katatu, utsi tolo. Eni ake atipeza tisanatsegule n'komwe garaja, akuyankhula ndi manja ndi miyendo yomwe. Akuti anzawo awaseka mpaka misozi, ndiye akufuna adziwe amene wawaphera injini: achimwene amene anaimanga, kapena ine ndi “kawailesi kanga kaja”.

Kawailesi! Ndawauza kambirimbiri bambo amenewa kuti kabokosi kamene ndinawaikira ndi kompyuta. Ndi kamene kamauza injini kuchuluka kwa mafuta oti imwe ndi nthawi yoti mapulagi athethetse moto. Koma munthu wozolowera kudula mafupa ndi chikwanje ungamuuze chiyani.

Achimwene angoti titsegula mawa. Kunja kukutentha ngati m'ng'anjo.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Tatsegula. Pisitoni yachitatu yasungunuka pamwamba cha m'mphepete, maringi aphwanyika.

Nkhani yoipa ili ndi miyendo. Pofika masana amakaniko a mseu wonse uno anali atadzaza, aliyense ndi nzeru zake. Wowotcherera wa khomo linalo, amene sanamangepo injini ngakhale ya chigayo, ndiye anali patsogolo. Akuti mpata wa maringi unachepa, injini itatentha anamangana. Kenako motsitsa mawu, koma mofuna kuti timve: “Maso a mdala aja atha.”

Achimwene anangotembenuzatembenuza pisitoniyo m'manja, magalasi awo omanga ndi waya ali pamphuno.

Ndilembe zoona, buku silikaulula: mtima wanga unakhala pansi. Zaka zitatu chibwererereni kusukulu ndi laputopu, anthu amenewa akhala akudikira tsiku limene “mayi wokonza galimoto ndi zala zoyera” adzagwe. Nditamva akuloza kwina ndinapuma. Mulungu andikhululukire.

Lachitatu, 15 Okutobala

Kabokosi kamasunga zonse zimene injini yachita, sekondi ndi sekondi. M'mawa uno ndakalumikiza ku laputopu kuti ndikhale ndi umboni woti mbali yanga ndi yoyera. Bola ndikanasiya.

Mpweya wolowa mu injini unatentha kufika madigiri 58. Mpweya ukatentha choncho moto umayenera kuchedwerako pang'ono, apo ayi injini imagogoda mpaka kudzidya yokha. Moto sunachedwe. Ndinatsegula tebulo la manambala limene limauza kabokosi zimenezo. Mzere wonse maziro okhaokha, kuyambira pa 30 mpaka kumapeto.

Galimotoyi ndinaichuna pa laputopu mu Julayi, m'mawa kukuzizira, ndili mu juzi. Mpweya sunadutse 22. Ndikukumbuka bwinobwino ndikunena kuti mzerewu ndidzaudzaza kukayamba kutentha, ndidzayese bwino. Ndinalemba pachikhatho ndi bolopeni. Madzulo ndinasamba m'manja.

Maringi alibe mlandu. Ndine.

Achimwene anadutsa kumbuyo kwanga ndi beseni la mabawuti n'kufunsa ngati kabokosi kanena kalikonse. Ndinati ndikuonabe. Ndinatseka laputopu mofulumira mpaka ndinadzipana chala.

Lachinayi, 16 Okutobala

Sindinanene. Chakudya chikungozungulira m'kamwa.

Lachisanu, 17 Okutobala

A Butchala alemba pa gulu la pafoni la anthu a mipikisano kuti garaja yathu ili ndi mdala amene amamanga injini mongopapasa. Chithunzi cha pisitoni pamwamba. Anthu awiri abwera kudzatenga mainjini awo amene achimwene anali atayamba kale kumasula. Wina ananyamula yake m'makatoni, zidutswazidutswa, ngati akusamutsa mbale.

Kenako eni nkhani anafika okha kudzamva yankho. Ine ndinali pansi pa galimoto ina, ndikuona mapazi okha. Ndinamva achimwene akunena kuti kulakwa n'kwawo, mwina sanaone bwino poyeza, ndipo akupepesa. Anati asiya ntchito yomanga, ndipo amene adzamangenso injini imeneyi akhale wina wa maso abwino.

Zaka makumi atatu ndi zisanu akumanga mainjini. Munthu amene amayeza chinthu katatu asanamange bawuti. Munthu amene anandiphunzitsa kugwira sipanala mayi akukalipa kuti mwana wamkazi anunkha dizilo. Ndipo ine ndili gone pansi, osatuluka kudzanena zoona.

Wowotcherera anandipeza pampopi n'kunditi, “Mwaona, asisi? Zamakono sizinama.” Ndinafuna kumuthira madzi a m'ndowa.

Loweruka, 18 Okutobala

Mu Julayi ndinachunanso galimoto zina ziwiri. Ndaimbira eni ake kuti abwere, ati pali “zatsopano” zoti ndiwaikire mwaulere. Bodza. Ina inali bwino, inayo maziro omwewo. Ndadzaza mzerewo, mwini wake akundithokoza kuti ndimasamala makasitomala.

Alamu anabweretsa chakudya cha achimwene masana. Anandikokera pambali n'kundiuza kuti amuna awo masiku ano akungokhala pakhonde, wailesi osayatsa. Anandipempha kuti ndiziwalimbikitsa, poti ine ndi amene amandimvera. Ndinangoti chabwino, alamu.

Nditafika kunyumba bambo a ana anandifunsa amene wamwalira. Ndinawauza zonse, nsapato ndisanavule. Anafunsa kuti ndani wina mseu wonsewo angathe kuwerenga za m'kabokosimo. Ndinati palibe. Anati ndiye vuto lake n'lomwelo, palibe amene adzandigwire, ndiyenera kudzigwira ndekha. Ndinawakalipira kuti iwo zawo n'zophweka, amangogulitsa penti. Anapita kukaanula zovala.

Lamulungu, 19 Okutobala

Ndapita kwa achimwene titaweruka kutchalitchi. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akupaka mafuta zipangizo zawo zoyezera, kukulunga chimodzichimodzi m'nsanza.

Ndinakhala pa njerwa n'kuyamba. Ndinazungulira kwambiri, za Julayi, za kuzizira, za tebulo. Anandisiya mpaka ndinafika pa maziro. Ndiye anati:

“Ndinadziwa Lachiwiri lomwe lija. Pisitoni ya maringi omangana imakalika m'mbali. Ija inadyeka pamwamba, ngati yalumidwa ndi mbewa. Umenewo ndi moto wofulumira.”

Ndinafunsa chifukwa chake anavomera mlandu wosakhala wawo.

“Akati mdala wakalamba, anthu azibwerabe, adzangoti tipeze womanga wina. Akati mkazi uja ndi kompyuta yake waotcha injini, watha iwe. Sadzakupatsanso mwayi wachiwiri. Ine ndadya kale zanga, mlongo wanga.”

Ndinalira ngati mwana, mamina ndi misozi. Anati ndipukute, alamu angaganize kuti andimenya. Anandiletsa kuti ndisauze munthu, ati nkhani yatha, ndikaitsegulanso ndiye kuti manyazi awo onse aja apita pachabe.

Pobwerera ndinatsika basi patali n'kuyenda wapansi. Akunena zoona, ndikudziwa. Koma ndiye kuti tsiku lililonse ndizilowa m'garaja muja, anthu azindipatsa moni waulemu, iwo ali pakhonde.

Lolemba, 20 Okutobala

A Butchala anafika cha m'ma 9 ndi anzawo awiri a mipikisano, kudzamva dzina la womanga watsopano. Wowotcherera naye, ngati ntchentche, anali kale pakhomo.

Laputopu ndinali nditaiyatsa pa benchi. Achimwene ataiona anadziwa. Anabwera n'kuika dzanja lawo pachivundikiro kuti atseke. Ndinalichotsa dzanjalo. Chibadwireni sindinawachitepo zimenezo.

Ndinaitana onse kuti ayandikire. Ndinawaonetsa mzere wa kutentha ukukwera, mzere wa moto uli chiimire, kenako maziro aja. Ndinafotokoza pang'onopang'ono, kawiri, kuti pasapezeke wonena kuti sanamve. Ndinati injini inamangidwa bwino, amene anaipha ndi ine, ndipo ndinadziwa kuyambira Lachitatu.

A Butchala anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anati ankadziwa kuti za akazi ndi mawailesi zidzathera pamenepa. Kabokosi ndikachotse lero lomwe, akakaikitsa kwina. Injini amange mdala yemweyo. Mnzawo wina anali akulemba kale pafoni. Winayo anatsalira pang'ono, akuyang'anabe pa laputopu.

Achimwene sanandiyankhule m'mawa wonse. Masana anadya okha, atandifulatira. Nditawapatsa madzi anati, osandiyang'ana, “Chinthu chimodzi chokha chimene ndinatsala nacho choti ndikupatse, wandibwezera pamaso pa anthu.”

Ndinapita kukamasula mawaya a kabokosi.

Cha m'ma 4 ndinamva akundiitana ndi dzina la kuubwana, lija anasiya kalekale. Anali ataweramira pa injini ya a Butchala, ringi yatsopano ili m'silinda, kachitsulo koyezera mpata kali m'manja. Anakayandikiza kumaso, anakatalikitsa, anakayandikizanso. Kenako anayang'ana kukhomo ngati kuli munthu.

“Tabwera undiwerengere nambala iyi,” anatero motsitsa. “Chaka chino chonse sindikumaiona.”

Ndinapukuta m'manja n'kuwawerengera.