Mwana Wanga Anakana Kuyankha Funso Lomwe Ankalidziwa

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu. Sukulu ndinaisiya ndili wamng'ono n'kukalowa mumgodi wa malasha, ndipo tsopano maso akuchita chidima. Akundilembera ndi Mayi Ollerton, oyandikana nawo nyumba. Ndawauza kuti asakometsere mawu anga.

Ligi ya mafunso a zamasewero ya chigawo chathu chino tinaiyambitsa ndife, migodi isanatsekedwe. Inayamba ndi matimu ochepa, kenaka inafalikira m'mabala ndi m'makalabu onse, Lolemba lililonse nyengo yozizira. Timu ya Kalabu ya Amumgodi tinali ine, Wilf, Cyril ndi Norman. Alendo tinkawadyetsa mapayi, tibuledi tokhala ndi nyama mkati, ndi nsawawa mpikisano ukatha. Wilf ankati, "Apatseni ambiri, azilira ali okhuta." Anzanga atatuwo anatisiya.

Mwana wanga Glenda anakulira pansi pa tebulo la mpikisanowo, akudya tchipisi n'kumamvetsera. Ndiye mkazi woyamba kusewera mu ligi yathu, ndipo ndawauza Mayi Ollerton kuti chimenechi alembe mooneka bwino. Atakwatiwa ku Pontefract analowa timu ya bala la Railway, adani athu akalekale, ndipo lero ndi kaputeni. Timaonana pa Khirisimasi ndi pamene matimu athu akumana. Foni amaimba, koma ine pafoni mawu amandithera.

Lamulo lathu ndi ili. Pamafunso a timu yonse, anthu a mbali imodzi amaloledwa kunong'onezana. Koma funso lako ndi lako, ndipo ukalephera limawolokera kwa amene wakhala moyang'anizana nawe. Glenda amakhala moyang'anizana nane nthawi zonse, ndipo sankandisiyira kanthu. Ankandilanda mapointi n'kumati, "Adadi, mutu mwausiya pakhomo pamodzi ndi chipewa?" Ndinkabwerera kunyumba ndikunyinyirika, mtima uli mbee.

Mwezi watha, matimu athu atakumana, ndinafunsidwa dzina la amene anagoletsa pa fainolo ina ya ragibi. Fainolo imeneyo ndinaionera m'bwalo momwemo, Glenda ali pamapewa panga. Dzinalo linandithawa. Funso linawoloka. Glenda anayang'ana m'tambula yake n'kunena kuti, "Sindikudziwa." Aphungu, chithunzi cha munthu ameneyo chinali pakhoma la chipinda chake mpaka tsiku la ukwati wake.

Kalabu yathu ikutsekedwa mu Epulo ndipo timu ikutha. Glenda wandiuza kuti, "Adadi, m'timu yathu muli mpando. Ndizidzakutengani Lolemba lililonse." Ndinamuyankha kuti Wilf angadzuke m'manda. Koma Lolemba likafika ndimavala jekete dzuwa lisanalowe, ngakhale tsiku lomwe tilibe mpikisano. Mwana wanga ndimamusowa. Komanso mpando wachifundo sindinaukhalepo. Ndipite?

H. T., Castleford

Bambo H. T.,

Pitani. Yankho lija Glenda ankalidziwa, ndipo inde, anakumverani chisoni. Pa malamulo a masewero analakwa. Koma mwana amene wakhala akukulandani mapointi zaka zonsezi sanasinthe tsiku limodzi. Anaona bambo ake akufunafuna dzina pamaso pa anthu, mtima unamugwira.

Poti foni imakutherani mawu, muitaneni kunyumba, mumuuze maso ndi maso: "Dzina lija unkalidziwa, usadzachitenso." Akaseka kapena kulira, musiyeni. Kenaka mupempheni kuti anzake a ku Railway akuyeseni monga amayesera wina aliyense watsopano. Mukapambana, mpandowo mwaupeza nokha, ndipo palibe adzanene za chifundo.

Za a Wilf musadandaule. Iwo sanayambitse ligi kuti mnzawo azikhala yekha m'nyumba Lolemba atavala jekete. Kalabu ikutsekedwa, koma ligi ikadalipo, ndipo Railway ili momwemo. Epulo asanafike, pemphani zithunzi za timu yanu zomwe zili pakhoma la kalabu, ndipo Mayi Ollerton akalola, afotokozereni mmene zonse zinayambira kuti alembe. Mwa anayi aja, amene angasimbe mwatsala ndinu.

Chenjezo langa ndi ili: ku Railway kaputeni ndi Glenda. Masabata ena adzakuikani pabenchi, ndipo musadzachite tondovi. Mapayi awo akakhala ouma, idyani mwakachetechete.

Zaka zonsezi tebulo lakhala pakati panu, ndipo njira yokha yomwe mwana wanu akanakuthandizirani inali kunama kuti sakudziwa. Mukakhala pambali pake, dzina likakuthawani pafunso la timu adzakunong'onezani, ndipo lamulo lomwe munakhazikitsa nokha limalola.

Aphungu