Masaya a Makadamiya

Lolemba, 5 Ogasiti 1996

Zitumbuwa zabwereranso kunyumba, pafupifupi beseni lonse. Anthu a pa siteshoni ya maminibasi akhala akudya za m'manja mwanga chitichotsereni ntchito ku fakitale ya nsalu, ine ndi malemu mwamuna wanga Lastone. Lero akundilambalala. Akugula kwa Peggy, mnzanga wa benchi limodzi, amene zitumbuwa zake ukhoza kugenda nazo galu.

Ndamufunsa Peggy mosapita m'mbali. Wayang'ana pansi. "Melody, usakalipe. Bantu bakamba ati wayonda maningi. Ati ba Lastone nabeve banayamba so." Dzina la matendawo palibe akulitchula, koma palibenso akufuna chakudya chochokera m'manja owonda.

Ine ndimati ndaonda ndi njala ndi maliro. Ndimatero.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Ndadziyang'ana pa kagalasi ka Chiko, mwana wanga. Khosi lokhalokha. Ndalira, kenako ndakakanda ufa.

Loweruka, 10 Ogasiti

Kwabwera alamu anga a Ackson, a pa malole obweretsa katundu wa ku South Africa. Masiku ano chilichonse chikulowa m'dziko, ndi mtedza womwe, ngati kuno tinaiwala khasu. Katoni ina inanyowa m'njira, asitolo aikana, iwo andibweretsera. "Mulamu, aka ni kamtedza ka bazungu, makadamiya. Kali na mafuta monga nkhumba. Dyani muine, thupi libwele, bantu baleke kukamba."

Kobulungira, koyera, kokazingakazinga, mchere uli mbuu. Ndawerenga kuseri kwa paketi, poti ku kantini ya fakitale anatiphunzitsako za makalori. Magalamu 100, makalori 716! Mtedza wathu wamba sufika ngakhale 600. Mafuta magalamu 76, zomanga thupi 8 okha. Kapaketi kamodzi kameneka kuposa mbale ya nshima, zoona? Za mchere alembanso m'munsimo, koma ine ndikufuna mnofu. Kwa nthawi yoyamba chimwalirireni Lastone ndamva kuti mwina pali njira.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Makadamiya m'mawa, mak. madzulo. M'mimba mwakana, kuchimbudzi ndachita kupanga njira. Ndinayesa kusinja kuti nditendere repu, wangosanduka phala la mafuta mumtondo, wosapeteka n'komwe. Ndanyambita ndi musi womwe. Mchere wotsalira pansi pa paketi ndikuthira m'ndiwo, sindingataye chinthu chochokera kutali chonchi. Ludzu ndiye losatha, ndikumwa madzi ngati ng'ombe.

Lamlungu, 18 Ogasiti

Kutchalitchi sindinapite. Ndatopa ndi anthu ondipempherera ndi maso.

Lachisanu, 23 Ogasiti

Masaya! Chiko ndiye wayamba kuona: "Amama, nkhope yabwela!" Siketi yanga yabuluu yayamba kugwira m'chiuno. Nsapato zikuthina kukamada.

Kondakitala Lemmy, amene wakhala akundithawa, wakuwa siteshoni yonse imve kuti ndanenepa: "Ba Melody mwaina! Mwapeza mudala wa ndalama?" Ndamutukwana mtima uli mbee, iye kuseka, n'kugula. Anzake atsatira. Beseni lapita kunyumba lopanda kanthu. Peggy wasangalala nane ndi mano okha.

Koma pobwerera kwathu ku Nangongwe ndinaima panjira kuti ndipume, mtima uli gugugu. Kaya ndi mmene onenepa amamvera, ndinaiwala kale.

Lachitatu, 28 Ogasiti

Ndinadzipititsa ndekha ku kiliniki, kukangokwera sikelo kuti ndione ndi maso anga. Makilo anayi awonjezereka. Ndaseka mokweza. Nesi sanaseke. Wandikhazika pa benchi, wadina chala pa msongolo wanga, wachotsa. Patsala dzenje. Taliyang'ana tonse awiri, silinabwerere.

"Mayo, aya si mafuta, ni manzi. Mudya chani?"

Ndamuonetsa paketi monyadira, chitsiru ine. Wati mtedzawo ndi chakudya chabwino ndithu, makaloriwo sanama, koma mwa ine mafutawo akungodutsa. Chimene thupi likusunga ndi mchere, ndipo mcherewo ukukokera madzi. Mwina impso, mwina mtima. Magazi achepa, BP yakwera. Mchere sindiwo unayambitsa, ukungosonkhezera. Wandipatsa mapiritsi ochotsa madzi, wati mchere ndileke, mtedzawo ndizitsuka ndisanadye, ndipo ndipite ku Lusaka akandipime magazi onse. Onse. Ndamva chimene amatanthauza.

Ndamufunsa kuti madziwo akachoka ndidzaoneka bwanji.

"Monga mwenze kudala, oyonda. Kapena kupitilila."

Lachinayi, 29 Ogasiti

Ndamwa piritsi. Tsiku lonse kuseri kwa nyumba, kutaya madzi. Madzulo nsapato zalowa bwinobwino, kupuma kwapepuka, mutu wasiya kuwawa.

Mulungu wanga, ndinakulakwirani chiyani? Ndikamachira ndikuoneka wodwala, ndikamafa ndi pamene anthu akuti ndachira. Ndili ndi mantha ndipo ndilibe woti ndimuuze. A Ackson angadziimbe mlandu, Peggy angauze siteshoni yonse. Chiko alemba mayeso a Giredi 7 mu Novembala, ndipo amadya chimene beseni labweretsa.

Loweruka, 31 Ogasiti

Mafupa a m'masaya ayamba kusuzumira. Lemmy anabwera akuimba mluzu, dzanja lili kale pa beseni. Wandiyang'ana kumaso, dzanjalo laima. "Ah, ba Melody, shani? Mwayamba futi kubwelela pansi?" Wanamizira kuti minibasi yake yadzaza. Patapita kanthawi ndamuona akutafuna mwala wa Peggy.

Beseni labwerera lolemera. Zotsalazo tamwera tiyi, Chiko osafunsa kanthu. Mwana ameneyu waphunzira kusafunsa, ndipo zimenezi zikundipweteka kuposa miyendo.

Lamlungu, 1 Sepitembala

Ndinatunga madzi m'mbale kuti nditsuke mak. monga ananenera nesi. Ndakhala ndikuyang'ana mbaleyo. Kenako madziwo ndathirira repu.

Mapiritsi ndawaika m'chitini pamwamba pa kabati. Paketi ndadya momwe iliri, mchere wapansi ndakhuthulira m'chikhato n'kunyambita. Kufikira Novembala basi. Ku Lusaka ndidzapita mayeso akatha.

Chiko: "Amama, mankhwala mwamwa?" Ndati namwa.

Lachisanu, 6 Sepitembala

Nsapato zakaniratu, ndapita ndi mapatapata a Lastone. Beseni latha dzuwa lisanafike pamutu. Mayi wina wa kumayadi ku Estates wandifunsa chinsinsi cha thupi langa.

Pobwera Chiko anandichingamira pa mpanda, kuona beseni lopanda kanthu n'kundikumbatira mwamphamvu. Zala zake zasiya timaenje pa mkono wanga. Waseka. "Amama, mwafewa monga buledi!"

Ndaseka naye, n'kutsitsa mkono wa juzi asanaone kuti timaenjeto sitikubwerera.