Loko pa Mawu a Amayi

Amayi, mwadzuka bwanji uko munapitako? Ndine Edesi, mwana wanu woyamba. Kuno tadzuka, kungoti chisanu chaka chino chabwera ndi mkwiyo. M'mawa uliwonse ndikumavala juzi yanu yobiriwira ija, ngakhale inabooka pachigongono ndipo ana amandiseka nayo.

Ndiyambe ndi zokoma. Mwana wanga Tadala anabereka mwezi wa Epulo, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu, Elube. Mphumi ndi yanu, kukhosi nakonso ndi kwanu. Akalira amamveka mpaka kwa anzanu aNambewe kuseri kwa mjigo. Chimanga takolola chokwanira, kabichi ndikugulitsabe pamsewu ku Nsipe, koma kachewere wofiira uja anandichita chipongwe. Chiwawu chinalowa m'mizere ya kumunsi ndipo mbewu yonse inaola. Ndinakwera kabaza mpaka ku Biriwiri kwa aNajere, aja munkawapatsa mbewu chaka ndi chaka ife tikudandaula kuti mukumwaza chuma. Anandidzazira ndowa ziwiri osandifunsa kanthu. Pobwerera ndinkangomva mawu anu aja akuti, "Kupatsa n'kuika, Edesi. Mbewu sisungidwa m'nyumba imodzi." Mawu amenewa muwagwire kaye, ndiwafuna kutsogoloku.

Tsopano nkhani imene yandilembetsa kalatayi. Mukukumbukira alendo atatu aja anabwera pagalimoto yoyera, kutatsala zaka ziwiri kuti mutisiye? Anyamata awiri ndi mtsikana wamagalasi, atanyamula chojambulira mawu chaubweya chimene inu munati chikufanana ndi mchira wa galu. Anakukhazikani pansi pa mtengo wa pichesi pamodzi ndi aNambewe ndi malemu aNaphiri, ndipo munaimba nyimbo za msindo, zija amayi amavina paukwati, khumi ndi zinayi. Zina zinali za mawu a Chingoni amene ngakhale ine sindiwamva onse. Alendowo anati akuzisunga kuti zidzukulu zidzamve. Anakupatsani chitenje aliyense ndi paketi ya shuga.

Kenaka anatulutsa pepala. Inu munati ine ndinapita kusukulu, ndiwerenge. Amayi, lero ndiulule chimene sindinakuuzeni muli moyo. Pepalalo linali la Chingerezi chokhachokha, ndipo ine ndinamva mizere iwiri yoyamba basi. Ndinachita manyazi kufunsa pamaso pa mtsikana wamagalasi uja, ndiye ndinangogwedeza mutu n'kunena kuti zili bwino. Ndine ndinagwira chala chanu, ndine ndinachiviika mu inki, ndine ndinachidinda papepalapo. Izi zimandiwawa mpaka lero.

Maliro anu atatha, mzime wanu Fanuwelo, amene tsopano amalemba mapulogalamu a kompyuta ku Lilongwe, anandiikira mufoni kanthu kotchedwa apu. Ndi ngati kachipinda ka kampani ya alendo aja kokhala m'kati mwa foni yanga. Ukalowamo umapeza nyimbo zanu zonse. Tsiku loyamba kukumvani ndinakhala pansi pachulu chathu chija, khasu lili pambali. Koma kachipindako kali ndi malamulo ake. Ulipire mwezi ndi mwezi, ukhale ndi bandulo, ndiponso ukhale pamene pali netiweki, ndipo kwathu kuno mukudziwa kuti ndi pachulu cha kuseri kwa khola pokha. Kusunga nyimboyo mufoni, ayi. Kutumizira m'bale wako, ayi. Tadala anayesa kuijambula ndi foni yomweyo pamene ikuimba, koma chimene chinatuluka ndi zii. Akuti anaziika pa loko. Zaka zitatu ndakhala ndikukwera chulu kukamva mayi anga, ndipo aNambewe, amene mawondo awo sangakwerenso chulu, anali asanadzimvepo n'kamodzi komwe.

Ndinapirira zonsezo. Koma mwezi wa Juni kunabwera uthenga woti kampaniyo ikutseka apu ija pakutha pa Julayi, ndipo zonse zili m'menemo sizidzamvekanso. Anathokoza kwambiri chifukwa chokhala nawo limodzi. Ife tinali titapangana kale kuti mu Seputembala, povundukula chiliza chanu, anthu adzakumveni mukuimba. Ndinawerenga uthengawo katatu, ndipo ndinaona ngati akundiuza kuti maliro anu achitikanso kachiwiri.

Fanuwelo atabwera ndi simenti ya chiliza, anandipeza pakhonde ndikusankha mbewu, ndipo ndinamuuza kuti athyole lokoyo. Ndikudziwa kuti angathe. Mwana amene anaphwasula wailesi ya abambo ali Sitandade 4 sangalephere kaloko ka mufoni. Iye anakana. Anati, "Achemwali, chimenecho n'kuba, ndipo ntchito yanga ikhoza kuthera pomwepo. Pepala munadinda nokha." Mawu omalizawo anandilasa, ndipo iye anadziwa kuti andilasa.

Ndisamunamizire mwana wanu, mfundo anali nazo. Anandikumbutsa za pulogalamu imene analemba yothandiza ogulitsa m'magolosale, imene inamudyera chaka chathunthu. Anthu anangoikopera, kupatsirana ngati chimfine, ndipo iye anatsala manja ali m'khosi mpaka anakalowanso ntchito kwa ena. Ananenanso za oimba amene nyimbo zawo zimabenedwa, kukoperedwa popanda chilolezo, m'timashopu ta ku Nsipe: nyimbo ikulira m'minibasi iliyonse, mwini wake akuyenda wapansi. Anati loko ndi mpanda, ndipo munda wopanda mpanda ndi wa mbuzi. Anatinso alendo aja anawononga mafuta ndi zipangizo zawo, ndipo pakadapanda iwo mawu anu bwenzi atapita nanu kumanda.

Ndinamuyankha kuti zonsezo ndamva, ndipo za oimbazo ndikugwirizana naye. Wogwira ntchito adye thukuta lake. Koma ndinamufunsa kuti mpanda umenewu ukuteteza ndani. Kodi aNambewe analandirapo kanthu kupatula chitenje chija, chimene chinasuluka kalekale? Kodi mpanda umene umatsekera kunja mwini munda ndi mpanda wanji? Ndipo munthu akatopa ndi munda wobwereka amaubweza kwa eni ake, sautentha. Iwowa atopa nazo nyimbo zanu, phindu sakulionanso, koma m'malo moti atsegule chitseko n'kunena kuti tengani zanu, akufuna kuchoka ndi kiyi m'thumba. Ine ndalipira zaka zitatu ndikuganiza kuti ndikugula, osadziwa kuti ndikungobwereka khutu. Chinthu chimene wina angakulande ali ku ofesi yake, osafika n'komwe pakhomo pako, si chako.

Fanuwelo anati njira yabwino ndi kulemba kalata. Tinalemba, iye m'Chingerezi chake chosalala, kupempha kuti atipatse nyimbozo poti ndife ana anu. Yankho linabwera nthawi yomweyo, lolembedwa ndi makina, loti pempho lathu ndi lofunika kwambiri kwa iwo. Tinalembanso kawiri. Makinawo anatiyankha mawu omwewo, mwaulemu womwewo, ndipo Julayi anali atafika pakati.

Ndiye Lachiwiri lina masana, anthu ali kumadimba, ndinachita zanga. Ndinaganiza kuti loko yawo ili m'kati mwa foni, koma mawu akatuluka n'kulowa mumphepo sakhalanso a kampani. Ndinabwereka foni ya Tadala, ndinatenga mtsuko wanu wamadzi uja, wong'aluka kukamwa, n'kukwera nawo pachulu. Foni yanga yoimba ndi ya Tadala yojambula ndinaziika zonse mumtsukomo kuti mphepo isasokoneze, n'kuphimba ndi juzi yanu. Tadala anakhala pambali akuyamwitsa mwana, akundiseka kuti amayi ayamba ufiti masanasana. Nyimbo imodzi imodzi, kuyimitsa, kusunga, kuyambanso. Inadutsa njinga yamoto, tinabwereza. Analira tambala, tinabwereza. Pa nyimbo yachisanu ndi chiwiri Elube analira, ndipo imeneyo ndinati ikhale momwemo.

Nyimbo yomaliza ndi ija munkaimba mkwatibwi akamatuluka m'nyumba ya amake. Sindinkakonda kuimvera chifukwa imandiliza, moti ndinali ndisanaifikitsepo kumapeto. Tsiku limenelo ndinalibe kothawira. Nyimbo itatha, chojambulira cha alendo aja chinali chisanazimitsidwe. Munatsokomola, aNaphiri anaseka, kenaka munakweza mawu n'kunena kuti, "Edesi, nkhuku zikudya mphale uko." Amayi, ine pachulupo, mayi wa zaka makumi asanu wokhala ndi mdzukulu, ndinangoyankha kuti, "Ndamva, amayi," ndipo ndinali nditadzuka kale kuti ndithamange. Tadala sanasekenso. Foni yake inali ikujambulabe, ndiye yankho langalo linalowa momwemo.

Zimene tinajambulazo sizikumveka bwino ngati za kampani. Mukumveka ngati mukuimbira pansi pa chitsime. Koma ndi inuyo. Mawa lake ndinapita nazo kwa aNambewe, chifukwa mawu awo alimo ndipo sindinafune kuchita zimene ndinachita tsiku la pepala lija. Ndinawafotokozera zonse m'Chichewa, pang'onopang'ono, n'kuwafunsa ngati akulola kuti ndigawire anthu. Anamvetsera nyimbo zitatu maso ali chitsinzinire, kenaka anati, "Koma amayi ako aNangozo ankathamanga poimba, ine ndinkawauza. Gawira, mwanawe, ukudikira kuti nanenso ndife?" Ana a malemu aNaphiri nawo analola.

Ndinagula timemori kadi tisanu ndi tinayi ku Nsipe, ndipo mnyamata wina wobena nyimbo m'timashopu tija anakoperamo zonse. Ndinamuuza kuti ndikadzamva kuti akugulitsa mawu a mayi anga, ndidzamugubuduzira tebulo lake mumsewu, ndipo amandidziwa kuti sindinena zocheza. Kamodzi kali kwa aNambewe, kena kwa ana a aNaphiri, kena kwa aNajere ku Biriwiri, kena kwa msuweni wathu ku Kandeu, kena kwa amayi a kumpingo, kena kanapita ku Joni ndi mwana wa amalume, totsalato tili m'nyumba muno. Si paja ndinati mugwire mawu anu aja? Atsikana anayi a m'mudzi muno ayamba kale kuphunzira nyimbozo Loweruka lililonse kwa aNambewe, amene akuwakalipira monga mmene inu munkatikalipirira ife.

Fanuwelo ndinamutumizira zonse pafoni popanda mawu alionse. Anakhala masiku awiri osayankha. Tsiku lachitatu anandiimbira foni, ndipo tinakamba za simenti, za mmisiri, za mbuzi yodzaphera alendo. Pomaliza anati maganizo ake pa nkhani ya loko sanasinthe, ndipo ine ndinati anganso sanasinthe. Kenaka anafunsa ngati tsiku lojambula lija inu munamutchulapo iyeyo. Ndinamuuza zoona, kuti ayi, iye anali kukoleji. Anati chabwino. Koma Tadala wandiuza kuti amalume akewo asunga nyimbozo malo atatu osiyana, ndipo ya nkhuku ija anaichotsa phokoso la mphepo, yankho langa n'kulisiya.

Apu ija inatsekedwa pa tsiku limene ananena. Ndinakwera pachulu m'mawa mwake kukaona, ndipo panali kachizungulire kongozungulira, kenaka mawu oti palibe chopezeka. Ndinatsika, ndinalowa m'khitchini mmene mulibe netiweki ngakhale kadontho, ndinatsegula kawailesi kolowetsa memori kadi, ndipo munaimba.

Ngati chimene ndachitachi chili mlandu, abwere. Njira ya kwathu akuidziwa, anafikapo kale pagalimoto yoyera. Adzandipeza pakhonde, ndipo ulendo uno pepala lawo adzandiwerengera m'Chichewa mzere ndi mzere, aNambewe ali pomwepo. Akafuna kulanda mawu anu ayambire ku Biriwiri, apite ku Kandeu, akafike ku Joni, akatero abwere adzatsegule pakamwa pa atsikana anayi aja.

Za chala chanu chija, mundikhululukire. Ndinali wamkulu kale, ndinayenera kufunsa.

Mupereke moni kwa abambo ndi kwa aNaphiri, muwauze kuti kuseka kwawo kwamveka mpaka ku Joni. Mu Seputembala tikubwera tonse kumanda, ndi sipika yobwereka kumpingo ndi Elube kumsana. Ndikulonjeza kuti tidzaliza pasipikapo nyimbo zanu zonse khumi ndi zinayi mpaka kumapeto, osadula paliponse, ndipo mukadzandiitana pamaso pa anthu onsewo, ndidzayankhanso.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Edesi