Soya wa Kankhumba Kakuda

Lachiwiri, 4 Juni
A Natalia, akazi anga, atuluka m'chipatala. Chibayo chatha, koma miyendo ngati mapesi. Kuchoka pamphasa kufika pakhomo mpaka wina awagwire. Ndagula shuga. Phala la ufa woyera m'mawa ndi masana, chakudya cha wodwala kuyambira kale.

Lachisanu, 7 Juni
Kwabwera Blessings, mlangizi wa zaumoyo. Wasuzumira m'bakuli, wapukusa mutu. Akuti, "Agogo, phalali ndi nkhuni chabe, limangoyatsa moto m'thupi. Koma thupi lagumuka, likufuna njerwa: soya, usipa, dzira, nsinjiro. Ndi kasupuni ka mafuta, moto usazime msanga." Ndamufunsa kuti nanga ine wa nsima ndi nkhwani zaka zonsezi anandimanga ndani. Waseka. Mwana wadzulodzulo. Sukulu sindinaiponde, zilembozi ndinazitola ndekha m'buku la nyimbo, ndipo sindimeza nkhani poti wanena ndi wovala yunifolomu.
Komabe njerwazo. Zimadziwa bwanji njira ya kumiyendo?

Lamulungu, 9 Juni
Ndapeza nzeru. Tiana tanga tiwiri ta nkhumba, mayi mmodzi, msinkhu umodzi. Khola ndagawa pakati. Koyera madeya okha. Kakuda madeya, soya wokazinga wogaya, ndi fumbi la usipa la ku Nsaru. Ndatiyeza ndi chingwe pamimba, ndamanga mfundo. Kakuda kakaposa, a Natalia adya za Blessings. Kakapanda kuposa, ayi. Wopatsira ndi Ireen, chitsirizira wanga, poti ine bondo silifuna kuwerama. Wandifunsa, "Ndiye amayi adikire nkhumba?" Ndati inde.

Lachinayi, 20 Juni
Chingwe, chimodzimodzi. Soya akutha msanga, usipa wakweranso mtengo. A Natalia lero akhala tsonga, atonola chimanga pang'ono. Phala langa likugwira ntchito.

Loweruka, 13 Julayi
Tiana takula, koma mofanana ndendende. Njerwa zili kuti? A Natalia afika kumjigo ndi ndodo, abwerako akundinena za fungo la khola. Pakamwa pabwerera. Lolemba ndikamupeza Blessings kusikelo, chingwe m'thumba, pamaso pa azimayi onse.

Lamulungu, 14 Julayi
Ndalowa kukhitchini kufuna moto wa fodya. Ireen akuthira soya wa kakuda m'phala la amake. Usipa wosinja pambali, mafuta m'kabotolo. Sanabise n'komwe. "Kuyambira tsiku loyamba, ababa. Nkhumba zanu zonse zikudya madeya." A Natalia pakhonde kuseka mpaka kutsokomola. Ankadziwa.
Ndiye kuti kakuda kanga kanali akazi anga.
Kusikelo sindipita. Komanso nkhaniyi sinathe. Chagwira ntchito n'chiyani, soya, usipa kapena mafuta? Kapena akanadzuka okha? Ireen wasokoneza zonse. Ndati tichotseko chimodzi sabata ino, tione. A Natalia akuti ndikayesere pathupi panga, iwo si nkhumba.

Lolemba, 15 Julayi
Soya ndagula ndowa ziwiri. Ina ya kukhitchini, imeneyo sindiikhudza, Ireen asawadule amake n'tsiku limodzi lomwe. Inayo ndabisa kuchipinda. Kakuda ndizikapatsira ndekha, bondo lilire.
Zingwe zatsopano zitatu. Chachitatu ndayeza pamkono panga. Ndamuuza Ireen azithiramonso m'bakuli langa, koma Blessings asamve.