Kamlonda wa Amayi

Lolemba, 27 Malichi

Mvula yakata, akutero apawailesi. Ananenanso zomwezi sabata yatha. Msewu wopita kumzinda wa Trujillo matope okhaokha, pampopi madzi nenene, udzudzu ngati wochita kutumidwa. Msana kuwawa.

Tabwerera kuchitunda cha mchenga kuseri kwa nyumba zathu, komwe tikufukula mafupa akale. Tavundukula mapepala a pulasitiki. Ana ali momwe tinawasiyira. Ndimangoti ana, ngakhale anafa zaka mazana asanu zapitazo, pa nthawi ya Achimu, anthu akale a kuno. Aliyense fupa la pachifuwa lodulidwa pakati kamodzi n'kamodzi, nthiti zokanulidwa kuti dzanja lilowe likatenge mtima. Nkhope zopakidwa utoto wofiira. Pambali pawo tiana ta lama, ziweto zawo, natonso chimodzimodzi. Pansi pa onsewo matope ouma, a chimvula ngati chathu chomwechi.

A Ysla, mkulu wa ntchitoyi, akuti ndiyo inali nsembe yoti mvula ileke. Nditawauza achimwene a Celso anangoseka: "Anthu amenewo adakalipo? Uwaitane, ine ndili nawo atatu osamva."

Sindinaseke. Amayi andipakulira nsomba ndi chinangwa m'mbale ya alendo, monga mwa masiku onse chibwerereni kuchoka kulikulu, ku Lima. "Idyani a dokotala." Mwana wako wobereka wekha, a dokotala.

Lachitatu, 29 Malichi

Tsiku lonse chogwada, bulashi m'manja. Tapeza mapazi pamatope ouma aja. A akuluakulu ovala nsapato za zingwe, a ana opanda nsapato, ndi ziboda za lama zokhwekhwereza, zikuoneka kuti zimakana. Ziweto zimakana. Ana ayi, mapazi awo angolunjika, wina pambuyo pa mnzake.

A Ysla chimwemwe chosaneneka, kujambula mbali zonse. Ine funso limodzi lomwe lija: nanga amayi awo anali kuti? Ankaphika? Anaima pachitunda n'kumaonerera? Mayi amene amapereka mwana kuti mvula ikate ndi mayi wotani?

Ndikudzifunsa ngati sindikudziwa. Chaka cha chimvula chija, 1983, nsomba zitathawa m'nyanja, m'nyumba muno munalibe cholawa. Anasankha ine. Zaka zisanu ndi ziwiri, kumbuyo kwa lole, ulendo wa ku Lima kukatsuka mbale kwa amayi anga a ubatizo. Tsiku lofika anandimeta ndi sizasi, ati luko la kwanuli silikumasuka. Chiyambire pamenepo tsitsi sindisunga.

Sukulu ndinaphunzira, inde, mpaka udokotala wa zofukula zakale. Aliyense amandikumbutsa zimenezo, ngati ndinapempha.

Nsapato yakumanzere yang'ambika. Ndamanga ndi waya.

Lachisanu, 31 Malichi

Mwana wina watuluka lero kumalire a dzenje, cha kumpanda. Wamng'ono, mwina zaka zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu. Pa msinkhu umenewu mafupa sanena ngati ndi mnyamata kapena mtsikana, koma ine ndati mtsikana. Wagona chammbali, nsalu ya thonje idakali m'miyendo. Pansi pa phewa luko la tsitsi, lomangidwa ulusi kunsonga, lathunthu ngati ladzulo. Mchenga wathuwu suwoletsa kanthu.

Mutu palibe. Chatsala ndi nsagwada yam'munsi, utoto wofiira m'mbali. Pamwamba pake zikuoneka kuti wina anakumbapo kalekale, anapisa dzanja, n'kuzula chomwe anachipeza. M'dothi lokwirira tapezamo chitini chadzimbiri ndi chotsalira cha kandulo.

A Ysla anatukwana. "Ntchito za Lachisanu Loyera izi." Akunena zoona. Kuno amuna onse ankapita kukakumba manda akale tsiku limenelo, ati Mulungu wafa, saona, ndipo akufa amayandikira pamwamba. Bambo anga malemu sankaphonya.

Ndafika kunyumba, ndavula nsapato, ndakweza maso. Pashelefu pakati pa chithunzi cha Amayi Maria ndi wailesi, Kamlonda. Kachigaza kathu kolondera nyumba, monga zilili nyumba zambiri mumsewu uno. Amayi amakayatsira kandulo Lolemba lililonse, amati kamaimba likhweru akuba akayandikira. Ndakhala ndikukadutsa miyezi yonseyi ngati kapu.

Kalibe nsagwada. M'masaya kofiirira.

Chakudya chandikanika.

Lamulungu, 2 Epulo

Dzulo poweruka ndinaika nsagwada ija m'kachitini, pathonje, n'kuponya m'thumba. Wophunzira wanga atachita zimenezi ndingamuthamangitse. Ndinati tsiku limodzi silioza mbewa.

Amayi atapita ku Misa ndinatsitsa Kamlonda. Kopepuka, konunkha utsi wa kandulo. Pamphumi posalala chifukwa cha kusisitidwa. Ndinalowetsa nsagwada. Inangoti kwatsu, mano n'kukumana ndendende, ngakhale kadzino kopotoka kam'mwamba kanapeza malo ake.

Ndinakhala pansi pasimenti, kamwana kathunthu kakundiyang'ana m'manja. Ndinkafuna zisagwirizane. Mulungu akudziwa, ndinkafuna ndikhale wolakwitsa.

Ndabweza chilichonse m'malo mwake. Amayi pobwera anaima pakhomo, kuyang'ana shelefu. "Ndani wamutembenuza?" Ndinati ndimapukuta fumbi.

Lachiwiri, 4 Epulo

Ndinapita kugombe kukawapeza achimwene. Amasoka kangalawa kawo ka bango, nsomba kulibe, madzi a m'nyanja ofunda ngati msuzi. Ndinawauza zonse.

Anayamba ndi nthabwala, monga mwa chizolowezi: "Ndiye ukufuna ukawatsekere bambo ako? Pita kumanda, sathawa." Kenaka anasiya singano. Ati Kamlonda anabwera Lachisanu Loyera la chaka chomwe chija, ine nditangochoka. Amayi anali atasiya kudya, kumangokhala pakhomo kuyang'ana kumsewu. Bambo anabwera nako m'thumba la ufa kuti kazilondera nyumba. Amayi anakasambitsa, kukafunditsa nsalu, miyezi yambiri nkumagona nako pamphasa.

Palibe anandiuzapo. Ine ndinkadziwa kuti nditachoka anthu anadya, basi.

"Usawalande amayi, Naida. Mtima wawo suli bwino, ukudziwa. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo."

Mwambi ndi wosavuta kunena kwa amene anatsala pakhomo. Ndinawayankha choncho, ndipo anangotolanso singano yawo.

Lachisanu, 7 Epulo

A Ysla alengeza: ntchito itsekedwa Loweruka Loyera. Lole ibwera kudzatenga makatoni onse kupita nawo kosungira zakale mumzinda. Katoni ikalowa kumeneko yalowa, nditha kukalamba isanatsegulidwenso. Mwana uja apita wopanda mutu, mutu wake uli pano kumvera wailesi.

Ndinawauza amayi tikusenda chinangwa. Ndinayamba bwinobwino, ngati munthu wophunzira. Kuti ndi mwana, kuti thupi lake lapezeka, kuti ayenera kugona pamodzi.

"M'katoni? Kumeneko adzamuyatsira kandulo ndani, a dokotala?"

Ndinati si wanu.

"Ndamusunga zaka zoposa makumi atatu. Amene anamubereka anamusunga zingati?"

Apa ndiye ndinapsa mtima. Ndinati n'zoona, kusunga chigaza n'kosavuta, sichidya. Mwana wamoyo ndiye anakukanikani. Ndinanena mokweza, mpaka anansi anazimitsa wailesi yawo.

Sanalire. Anamaliza kusenda chinangwa chawo, kuchitsuka, kuika pamoto. Kenaka anatenga Kamlonda n'kulowa naye kuchipinda, chitseko gwa.

Ndadikira zaka zonsezi kuti ndinene mawu amenewa. Ndimayesa ndipepukidwa. Ndangotopa.

Lachiwiri, 11 Epulo

Kunyumba ndachokako, ndikugona kuchitunda, m'chipinda chomwe timasungiramo zida, pakati pa masefa ndi makatoni. Buledi ndi tiyi. Mvula inawazanso dzulo, denga likudontha pomwe pali mutu wanga. Mvula ikakuona litsiro sikata.

Ana ena onse tawanyamula. Fupa lililonse m'pepala lofewa, nthiti ndi nthiti, tizala m'kathumba. Manja amagwira okha, mutu uli kwina. Wamng'ono uja ndamusiya pomwepo, ndawauza a Ysla kuti nsalu yake ikufunika iume kaye. Anandiyang'ana, n'kutchula dzina langa lonse. "Loweruka, Zenaida. Youma kapena yonyowa."

Nditha kungowauza. Abwera ndi wapolisi, agogoda, lamulo lili kumbali yanga. Gogo wa zaka makumi asanu ndi awiri akulandidwa kamwana pakhomo, anthu a mumsewu akuonerera. Kachiwiri, ndipo ulendo uno lole ndabweretsa ndine.

Kapena kungokhala chete. Wakhala wopanda mutu kuyambira ndili mwana, sanadandaule.

Achimwene anabwera ndi mbale yovundikira. Mpunga ndi nyemba. "Sanandiuze kuti ndi ya ndani, angoti pita nayo kuchitunda." Si mbale ya alendo ija. Ndi yachitsulo yobenthuka, yomwe timadyera tili ana.

Lachinayi, 13 Epulo

Mutu kuwawa. Palibe cholemba. Mawa ndilondera ine, ena onse apita kutchalitchi, ndipo anyamata a mafosholo sanaiwale mwambo wa makolo awo.

Lachisanu Loyera, 14 Epulo

Dzuwa lili pamutu ndinaona munthu akukwera chitunda pang'onopang'ono, kuima, kupuma, kuyambanso. Amayi, diresi yakuda, chikwama cha kumsika m'manja. Ndinathamanga kuti ndiwagwire mkono, anakana.

"Ndionetseni komwe anamutenga."

Anatsika m'dzenje ndi nsapato zawo za kutchalitchi, kuponda pomwe sitilola munthu kuponda. Anagwada movutikira. Anayang'ana nthiti zija, fupa lodulidwa lija. Ndinayamba kufotokoza za mpeni, za mvula, za ansembe. Sanali kumva. Maso awo anali paluko.

Analikhudza ndi chala chimodzi. Anati ili sanaluke wansembe. Taonani kumanga kwake, kothina kuyambira patsinde, ulusi wozunguliza kenaka wobisa nsonga mkati. Woluka chonchi amadziwa kuti mawa sadzakhalapo kuti akonze.

Ndinati, ndiye anadziwa komwe mwanayo akupita, n'kumulola.

"Anadziwa. Panyumba panali ena, madzi akukwera. Akulu atanena, iye akanatani? Chomwe anatsala nacho ndi manja ake. Anadzuka m'mamawa, kumukhazika pakati pa miyendo, n'kumuluka kuti kumene akupitako akaone kuti mwanayu ali ndi mwini."

Kenaka, osandiyang'ana:

"Lako ndinaluka chomwechi. Unkalira kuti ndikukoka. Ndimati likhale mpaka ndidzabwere kudzakutenga. Linakhala nthawi yaitali bwanji?"

Ndikanatha kunama. Ndinati anandimeta tsiku lomwelo, linakana kumasuka.

Apo ndiye analira, kulira komwe sindinakumvepo, ngakhale pamaliro a bambo. Ine chiimire ndi bulashi m'manja ngati chitsiru. Funso langa lija la amayi awo anali kuti, ndalifunsa mwezi wathunthu kwa mafupa, woyankha ali kukhitchini akundipakulira nsomba.

Atatonthola anatulutsa Kamlonda m'chikwama, wokulungidwa m'kansalu koyera kopeta. Anamuika okha pakhosi paja, ine ndinangowongola pang'ono n'kubweza nsagwada. Anayatsa kandulo, mphepo inazimitsa, anayatsanso. Ati kansaluko kapite nawo m'katoni, asakagone pa pepala. Ndawalonjeza. A Ysla anene zomwe anene, mawa ndiwauza zonse.

Mkwiyo sunathe. Ndaufufuza, ulipo, wangokhala pansi. Sanabwere kudzanditenga, ndipo zimenezo sizisintha.

Achimwene abwera kudzalondera m'malo mwanga, ati akuba onse ndi anzawo, awadziwa ndi mayendedwe. Ndatsika ndi amayi, ulendo uno alola mkono. Pashelefu patsala bwalo loyera pakati pa fumbi. Akhala pampando akuliyang'ana kuyambira tifike.

Akuitana. Osati a dokotala. "Iwe Naida, tabwera nacho chipeso." Ndawauza kuti tsitsi langa ndi lalifupi, palibe choti n'kuluka, koma akuti ndikhale pansi basi, aona okha, ndiye ndasiya cholembera, ndikupita.