Kuya kwa thanki ndi mkono wa alamu anu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu ndi ana onse. Mwendo wa mayi uli bwanji? Munati akangomva kupepukako amasiya mapilisi. Auzeni kuti ndamva ndipo sindinasangalale nazo. Ife kuno tilipo, koma mtima wanga suli m'malo, n'chifukwa chake ndalemba m'malo moimba. Pafoni ndimayankhula alamu anu ali pompo.

Za matenda a alamu anu mukuzidziwa. Chiwagwereni sitiroko ija mwendo unabwerera, akuyenda okha mpaka pokwerera basi, ndipo mawu akumveka bwinobwino. Watsala ndi mkono wamanja. Umakwera kulekeza pachifuwa, zala zimagwira koma sizichedwa kutaya. Kuntchito yowotcherera zitsulo kuja anawasungira malo kwa kanthawi, kenako analemba wina. Chimene sindinakuuzeni n'chakuti kuyambira pamenepo anasanduka munthu wa pampando. Ndikamapita kuntchito ndinkawasiya akuyang'ana khoma, pobwera n'kuwapeza akuyang'ana khoma lomwelo. Munthu uja ankakangana nanu za mpira mpaka foni kutentha, anafika pomangoyankha kuti eya kapena ayi.

Kuchipatala kumene amachitira mafizo, m'chipinda chodikiriramo, muli thanki yagalasi ya madzi amchere. M'menemo muli tinsomba tamitundumitundu ndi makorali, tizamoyo tomera pamiyala tooneka ngati maluwa. Ndinangoona kuti alamu anu ayamba kundifulumizitsa kuti tikafike nthawi isanakwane. Tsiku lina titabwerako anandifunsa kumene ndinaika tepi yawo yoyezera. Achimwene, ndinalowa kubafa n'kukalira. Atanena kuti akufuna thanki yotero m'nyumba muno, ndinavomera ndisanadziwe n'komwe chimene ndikuvomera.

Ine ndinkaganiza za kanthu kokhala ngati ndowa, koika patebulo. Mayi wa pashopu yogulitsa nsomba zoweta anandiseka. Anati yaing'ono ndiyo yovuta kwambiri kwa oyamba kumene, chifukwa madzi ochepa amatentha msanga, ndipo akangophwerako pang'ono mchere umachuluka, makorali n'kufa. Ndiye tinayamba kuyeza. M'litali tinagwirizana kuti iyambire pawindo kulekeza pafupi ndi chitseko cha kukhitchini, ndipo kabati ya mbale inasamukira kuchipinda, moti pano ndimalowa chammbali ngati nkhanu. M'lifupi anapambana iwo, akuti miyala imafuna malo osanjikizana ndipo nsomba zizikhala ndi pokhotera. Eni nyumba anabwera kudzaponda simenti n'kunena kuti poti tili m'nyumba yapansi, osati yam'mwamba, kulemera si vuto, koma madzi akadzalowa kwa aneba tidzaonana. Zonsezi tinakangana mosekaseka, ndipo ine ndinkakondwa kumva mawu awo akukwera.

Pamene pavuta ndi pa kuya kwake. Mayi wa pashopu uja anati kuya kwa thanki amayezera mkono wa mwini wake. Dzanja lizifika pamchenga wapansi madzi asanapitirire m'khwapa, chifukwa miyala imagwa, makorali amapendekeka, ndipo pokonza pamafunika manja onse awiri, lina kugwira mwala, lina kumata. Ananena mosadziwa, poti dzanja la alamu anu linali m'thumba la jekete. Titafika kunyumba iwo anayeza mkono wamanja womwewo, kuchokera m'khwapa mpaka kunsonga ya zala, n'kunena kuti kuya kwake ndi kumeneko. Mukudziwa kutalika kwa munthuyo.

Anatola makatoni kugolosale, n'kumata bokosi la muyeso weniweni wa thankiyo, n'kuliika pamatebulo awiri. Pansi pake anaikamo mwala. M'mawa uliwonse ankaima pamenepo kuyesa kuunyamula ndi manja awiri. Lamanzere linkafika. Lamanja linkakanika ngakhale kudutsa mlomo wa katoni, mpaka ankachita kulinyamula ndi linzake n'kuligwetsera mkati. Thukuta linkachita kuyenderera m'khosi. Ine ndinkaonera pakhomo la khitchini mtima ukundiwawa, ndipo mukudziwa kuti ine mtima ukandiwawa pakamwa pamatentha.

Ndinayamba mofatsa, kuwauza kuti tichepetseko. Anakana. Ndinawakumbutsa kuti tsiku lonse ndimakolopa zipinda za anthu kuhotela, ndiye sindingabwere kunyumba kudzamira mpaka m'makutu kufunafuna mwala wogwa. Anati sadzandipempha. Ndinati thanki amayezera mkono umene ulipo, osati umene unalipo. Anati mkonowo ubwerera, ndingowapatsa nthawi. Apo ndiye ndinatulutsa zimene adokotala a mafizo anandiuza pambali, zoti ungasinthe pang'ono koma tisayembekezere kuti udzakweranso kupitirira phewa. Adokotalawo anati adzawauza okha pang'onopang'ono. Ine ndinazikhuthula zonse nthawi imodzi, nditagwira chikolopa m'manja.

Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Lamlungu masana anandiitana n'kundiuza kuti ndilowetse mkono wanga m'katonimo. Anaona pamene zala zanga zalekeza, analemba mzere ndi cholembera, kenako anatenga mpeni n'kudula katoni yonse kuzungulira ndi dzanja lamanzere, mokhotakhota. Atamaliza anati ndikauze wodula magalasi muyeso umenewo, poti thankiyo ndi ya mkono wanga. Anachotsamo mwala uja n'kukautaya panja.

Kuyambira tsiku limenelo za nsomba sakuzitchulanso. Kumafizo sabata ino akana kupita, akuti atopa. Chakudya akungochitola pamwamba. Muphwa wanu akabwera kusukulu n'kuwafunsa kuti nsomba zibwera liti, amamuuza kuti afunse amayi ake. Ndayesa kupepesa, iwo amangoti ndinanena zoona ndipo palibe chopepesa. Ndikuchita mantha, achimwene. Ndinawaonapo ali chonchi, ndipo ulendo uno sindikudziwa chimene chingawadzutsenso.

Wodula magalasi wandipatsa mpaka kutha kwa mwezi uno kuti ndimuuze muyeso, apo ayi ayamba ntchito za ena. Anandichenjeza kuti thanki yakuya imafuna galasi lochindikala ndi nyale yamphamvu kuti kuwala kufike pansi, ndiye si zinthu zoti n'kudzasintha pambuyo. Galasi likadulidwa n'kumatidwa, latha, silionjezereka. Ndikamuuza muyeso wanga, chinthucho chidzaima pabalaza pathu zaka ndi zaka, chikuwauza tsiku lililonse mawu amene ndinanena aja.

Pempho langa ndi limodzi. Aimbireni foni. Musanene kuti ndakulemberani, ndipo chonde musawalimbikitse ndi mawu ofewa, amenewo amva okwanira kutchalitchi. Afunseni za thanki ngati mwangokumbukira. Akakuuzani kuti achepetsa, asekeni monga mumachitira timu yawo ikaluza. Auzeni kuti munthu wamtali ngati iwo sangawete nsomba m'beseni, ndiponso kuti mlongo wanuyu mumamudziwa, amayankhula kaye n'kuganiza pambuyo. Ndinyozeni mmene mungafunire, sindidandaula. Ndi inu nokha amene amakutsutsani mpaka kuimirira pampando. Ndikufuna makani awo abwerere.

Mwina mudzati adokotala ananena zoona, ndipo mwina ananenadi zoona. Ndaziganizira. Pashopu paja pali zopanira zazitali zotolera zinthu pansi, ndipo kampando kokwerapo tili nako. Ngati mkonowo sudzafika, ndidzamira ine mpaka m'makutu momwemo, ndipo ndidzadandaula ndithu, poti ndine. Koma bola ndizidandaula ndi munthu amene akudzuka m'mawa kukayesa. Mkangano uja ndinapambana, ndipo chiyambire sindinaluzepo chinthu chachikulu chotere.

Mundiperekere moni kwa mayi, muwauze kuti nsapato zofewa zija ndazipeza. Za m'kalatamu musawauze, angayambe kusala kudya. Moni kwa alamu, kwa azakhali ndi amalume, kwa achemwali ndi ana awo, ndi kwa ana anu onse, makamaka wamng'ono uja amene sindinamuonebe. Muphwa wanu akuti muwauze asuweni ake kuti wayamba kusambira.

Kwa wodula magalasi sindinapitebe. Ndikudikira kumva foni ikulira pabalaza, ndi mawu awo akukwera.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa mayi