Pepala la Dimba la Amayi

Jumeirah Village Circle, Dubai
14 Okutobala

Okondedwa achimwene a Maurice,

Landirani moni wanga. Kaya muli bwanji kumudziko, nanga mwendo wa amayi uja ukupezako bwino? Ine kuno ndili bwino, kutentha kwayamba kuchepa.

Ndikadali pantchito ya m'nyumba kwa bambo okalamba aja a ku Bosnia, a Hamdija. Lolemba ndinachita manyazi. Pabalaza pawo pali pepala la m'galasi, la zilembo zokhotakhota ngati Chiarabu. Nditalipukuta fumbi, ndinalipachika chadodolido. Mumtima ndinati khalas, ntchito yatha. Koma iwo anaseka mpaka kutsokomola, kenako anandikhazika pansi n'kundifotokozera.

Akuti kalekale dziko lawo linkalamulidwa ndi mfumu yaikulu ya Aturuki, yokhala ku Istanbul. Mkulu wina wa boma analanda dambo limene mudzi wawo unkadyetserako nkhosa. Amuna atatu anayenda masabata ambiri kukadandaula kwa mfumuyo. Iyo sinagamule yokha. Inalembera lamulo woweruza wa m'chigawo chawo, amene ankamutcha kadi, kuti akaone malire ndi maso ake, amvenso akuluakulu a mbali zonse, Asilamu ndi Akhristu omwe. Dambo linabwerera kwa eni ake.

Chimene chandisowetsa mtendere ndi ichi. Pepala lenileni la mfumu linapsera m'nyumba. Zidzukulu za wolanda uja zitadzutsanso mlandu, mudzi unapulumuka chifukwa kadi anali atakopera mawu onse m'buku la kubwalo lake. Chomwe ndinazondotsa ine ndi chithunzi cha tsamba la bukulo.

Kuyambira tsikulo ndikungoganiza za chigamulo cha kukhoti cha dimba la amayi, chija chinaletsa a Rogers, eni dimba loyandikana nalo, kusuntha nkhadze za m'malire. Pepalalo ndi limodzi lokha, ndipo lili m'sutikesi ya kunsi kwa bedi, momwe chiswe chinadya kalata yanga ya ubatizo. Mvula yayandikira, denga lija limadontha. Likaonongeka, a Rogers sadzachedwa, ndipo amayi adzalima kuti?

Pempho langa ndi limodzi. Sabata ino mulikulunge m'pulasitiki, mupite nalo kwa alembi a kukhoti. Aone ngati mlanduwo uli m'buku lawo, inu mulembe nambala yake. Mukopetse mapepala awiri, lina likakhale kwa achemwali a Sibongile. Mundijambulirenso pafoni, chidindo chioneke bwino. Ndikudziwa muziti Stellah wayamba nkhawa zake zija. Nenani ndithu, koma mupite. Tsoka silinunkha.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu anga, azakhali ndi ana onse. Amayi muwauze kuti mpiru wa m'dimba mwawo ndimaulota.

A Hamdija akuti chithunzi cha pepala la amayi chikafika adzachiika m'galasi pambali pa chawo, bola ndisadzachipachikenso chadodolido.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Stellah